Bwana kutsogolo, bungwe kumbuyo



Kwathu kuno mwana akapeza mwayi wopita kunja kukagwira ntchito, timamutsanzika ndi malangizo omwewomwewo: ukapemphere, usakaiwale kwanu, bwana akakukalipira ukangoti pepani chifukwa iwe wapitira ndalama osati makani. M'zaka zochepa zapitazi malangizo otere anenedwa m'makomo ambiri, pomwe anamwino ndi achinyamata ena akhala akunyamuka ulendo wa ku Mangalande kukagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosungiramo okalamba. Langizo lomwe sindidalimvepo pakamwa pa mkulu aliyense ndi lakuti ukafika, ukalowe bungwe la apantchito. Ine ndimalinena, ngakhale ena amandiyang'ana ngati ndikutuma mwana kukagwedeza chisa cha mavu.

Sindinena izi chifukwa choona ngati bungwe ndi mngelo, ayi. Ndine mphunzitsi wa History pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno kumudzi. Nanenso ndili m'bungwe, amandidula ya umembala mwezi ndi mwezi, ndipo ndikudziwa kuti bungwe ndi anthu, anthunso ali ndi mimba, mantha ndi tsankho. Mbiri ya mabungwe a apantchito a ku Britain ukaiwerenga ndi maso a munthu wakuda kapena Mmwenye, umapeza kuti anthuwa kawirikawiri ankamenya nkhondo ziwiri nthawi imodzi, ina ndi bwana kutsogolo, ina ndi bungwe lawo lomwe kumbuyo. Nkhaniyi mu silabasi mulibe, koma yemwe ali ndi mwana kapena mlongo kumeneko ikumukhudza.

Tiyambire mumzinda wa Bristol. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Britain idasowa manja ogwira ntchito, ndipo anthu a ku Jamaica, Barbados, India ndi Pakistan adapita kukalowa m'mafakitale, m'zipatala ndi m'mabasi. Koma kampani ya mabasi ya Bristol Omnibus sinkalola wakuda kapena Mmwenye kukhala dalaivala ngakhale kondakitala. Kugalaja ndi kukhitchini ankawalola, pamaso pa okwera ayi. Wina angaganize kuti khalidweli lidali la mabwana okha. Mu 1955 ogwira ntchito pa mabasiwo, mamembala a bungwe la Transport and General Workers' Union lomwe ankalifupikitsa kuti T&G, ndiwo adagwirizana pamsonkhano wawo kuti anthu a khungu lina asamalembedwe pa mabasi. Chifukwa chachikulu chomwe ankapereka chidali cha m'thumba, choti antchito akachuluka ovataimu ichepa.

Mu Epulo 1963 Paul Stephenson, wakuda wobadwira ku Britain komweko, adaimba foni ku kampaniyo kupemphera mnyamata wa ku Jamaica, Guy Bailey, mwayi wokayesedwa ntchito. Adavomera. Atadziwa kuti mnyamatayo ndi wakuda, mwayi udathera pomwepo. Stephenson, Roy Hackett ndi anzawo adamema anthu kuti aleke kukwera mabasiwo, ophunzira a pa yunivesite ya mumzindamo adaguba nawo, ndipo patatha miyezi inayi, pa 28 Ogasiti 1963, tsiku lomwe Martin Luther King adalankhula ku chinamtindi chija ku Washington, kampani idalengeza kuti yasiya kusankha khungu. Mwezi wotsatira Raghbir Singh, wa chipembedzo cha Sikh, adakhala kondakitala woyamba wosakhala mzungu mumzindawo. Muone bwino apa: omwe adathyola tsankholi adali okwera mabasi omwe adasankha kuyenda wapansi, bungwe la apantchito lili mbali inayo. Bungwe la Unite, momwe T&G idadzalowa, lidapepesa mu 2013, patadutsa zaka 50.

Malamulo adayamba kusintha. La mu 1965 lidaletsa tsankho m'malo monga mahotela ndi mabala, la mu 1968 lidafika pa kalembedwe ka ntchito ndi pa nyumba za lendi. Koma lamulo silichapa mtima. Mu Epulo 1968 phungu wa chipani cha Conservative, Enoch Powell, adalankhula zoopseza kuti alendo akachuluka m'dzikomo mudzakhetsedwa mwazi. Atamuchotsa pa udindo m'chipani mwake, omwe adaguba kupita ku nyumba ya malamulo kukamuikira kumbuyo adali ogwira ntchito padoko la London, anthu otchuka ndi umodzi ikafika nthawi ya sitalaka.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa mwana wa kwathu wina adagunda khoma lomweli kale kwambiri. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, adaphunzira za uphunzitsi ku Livingstonia, adagwira choko kanthawi kochepa, kenaka n'kulowera kummwera. Mu 1919 adayambitsa bungwe la ICU pakati pa ogwira ntchito padoko la Cape Town, ndipo pofika 1927 lidali ndi mamembala pafupifupi 100 000. Chaka chimenecho adayenda ku Ulaya, mpaka ku Britain, kukafuna abwenzi m'mabungwe a kumeneko, ndipo ambiri adamulandira bwino ndithu. Koma ICU itapempha kulowa mu mgwirizano wa mabungwe otsogozedwa ndi azungu ku South Africa komwe iye ankakhala, adaikanira. Kuombera m'manja wakuda wochokera kutali n'kosavuta. Pamavuta ndi pokhala naye pa benchi imodzi, voti yake n'kumalemera chimodzimodzi ndi yako.

Tibwerere ku Mangalande. Mu 1972 Idi Amin adathamangitsa Amwenye ku Uganda, ndipo pafupifupi 28 000 adakafikira ku Britain. Khonsolo ya mzinda wa Leicester idafika poika chidziwitso mu nyuzipepala ya ku Uganda chowauza kuti asapite kumeneko. Adapitabe, ndipo ambiri adalembedwa pa fakitale yopanga makina otayipira ya Imperial Typewriters. Pa 1 Meyi 1974 ena mwa iwo adatuluka pa geti podandaula kuti bonasi yawo ikuwerengedwa mowabera, komanso kuti ntchito za malipiro abwino zikupita kwa azungu. Mazana adawatsatira, ambiri mwa iwo amayi. Akuluakulu a bungwe lawo m'deralo, T&G yomwe ija, adakana kuivomereza sitalakayo. Ya umembala ankapereka ngati wina aliyense, koma padali lamulo loti munthu sangasankhidwe kukhala woimira anzake asadakwanitse zaka ziwiri, lomwe lidatsekera kunja ambiri mwa obwera kumenewo. Adabwerera ku ntchito patatha miyezi pafupifupi itatu atapeza zochepa, ndipo chaka chotsatira eni ake a ku America adaitseka fakitaleyo.

Ndikudziwa kuti owerenga ena afika pano akumwetulira chammbali. Kwa Mmalawi wamba, Mmwenye si munthu woponderezedwa pa ntchito. Ndi mwini sitolo ku Limbe kapena mumsewu wa Malangalanga, bwana yemwe abale athu amadandaula naye pa malipiro ndi pa kalankhulidwe. Madandaulo amenewo sindikuwafufuta. Ena ndi oona ndipo ayenera kumveka. Koma taganizirani za munthu yemweyo atawoloka nyanja. Pa malo a malonda a kwathu kuno pakadali nyumba zakale za makonde aatali zomwe agogo amazitchulabe kuti sitolo za Amwenye, ngakhale eni ake adachoka m'zaka za m'ma 1970 pomwe boma la Kamuzu Banda lidawalamula kusiya malonda a kumidzi. Ena adalowera m'mizinda, ena adatulukiratu m'dziko. Mu Meyi 1976 mabanja ena othamangitsidwa kuno ku Malawi adatera ku Britain ali ndi mapasipoti a dzikolo, ndipo awiri mwa mabanjawo adasungidwa kwa kanthawi mu hotela pafupi ndi bwalo la ndege la Gatwick. Nyuzipepala zina zidaimika mitu ikuluikulu yoti alendo akudya mapaundi 600 pa sabata za okhoma msonkho, gulu la tsankho la National Front lidapezerapo pokolezera moto, ndipo dzina la dziko lathu lidamveka m'kamwa mwa anthu omwe sakadatha kuliloza pa mapu. Pa 4 Juni chaka chomwecho mnyamata wa zaka 18, Gurdip Singh Chaggar, adabayidwa n'kufa mumsewu ku Southall. Mpweya wake udali wotero pomwe nkhani ya pa Grunwick inkayamba.

Ana a masiku ano, ojambula ndi foni, sangamvetse msanga ntchito ya pa Grunwick. Kale ukajambula ndi kamera, filimu inkapita kokatsukitsa, monga ankachitira ojambula oyenda pa njinga aja omwe ankatilonjeza kuti zithunzi zituluka sabata ya mawa. Grunwick idali fakitale yotsuka zithunzi ku Willesden, kumpoto chakumadzulo kwa London. Makasitomala ankatumiza mafilimu pa positi, zithunzi n'kubwereranso pa positi. Mfundo ya positiyi muisunge. Ogwira ntchito ambiri adali amayi a Chimwenye ochokera ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, ndipo malipiro ankazungulira pa mapaundi 28 pa sabata pomwe wantchito wamba m'dzikomo ankalandira cha m'ma 72. Ovataimu idali yokakamiza ndipo ankakuuza nthawi yoweruka itakwana kale. Popita kuchimbudzi mayi wamkulu, wa ana ake, ankayenera kupempha chilolezo kwa kapitawo. Mwini wake, George Ward, adabadwira ku New Delhi m'banja la magazi osakanikirana a Chingerezi ndi Chimwenye. Ichi chokha chikuonetsa kuti nkhani ya tsankho pa ntchito siyenda mu mzere woongoka wa mzungu uku, wakuda uko. Wolemba ntchito amasakasaka munthu yemwe alibe kolowera, ndipo nthawi imeneyo wopanda kolowera adali mayi wa sari, wa Chingerezi chopereweza, wongofika kumene.

Mmodzi mwa amayiwa adali Jayaben Desai. Adabadwira ku Gujarat mu 1933, adakwatiwa ndi mwamuna yemwe adali manijala pa fakitale ya matayala ku Tanganyika, ndipo adakhala moyo wa anthu opeza bwino kufikira pomwe banjalo lidasamukira ku London chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Kumeneko mwamunayo adayamba ntchito ya manja, mayiyo ya pa makina osokera, kenaka ya pa Grunwick. Adali wamfupi kwambiri, wosafika mita imodzi ndi theka. Lachisanu pa 20 Ogasiti 1976, m'chaka chomwe Britain idaotchedwa ndi dzuwa losaoneka kale ndipo zithunzi za patchuthi zidaunjikana, mnyamata wina, Devshi Bhudia, adachotsedwa ntchito ati chifukwa chochedwa manja, anzake atatu n'kutuluka naye. Madzulo ake Desai atavala kale chikhothi kuti aziweruka, adauzidwa kuti atsale pa ovataimu. Adakana. Mawu omwe adamuuza manijala akumbukiridwa mpaka lero. Adati malo omwe akuyendetsawo si fakitale koma kosungira nyama zakutchire, ndipo kumalo otere kumakhala anyani ovina bwana akagwedeza chala, komanso mikango yotha kudula munthu mutu. Iwo ndiwo mikangoyo. Adatuluka pamodzi ndi mwana wake Sunil.

Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti anthuwa sadali m'bungwe lililonse. Sitalaka adaiyamba kaye, bungwe n'kulifunafuna pambuyo, pofunsa ku ofesi yopereka uphungu kwa anthu wamba. Adalozeredwa kwa Jack Dromey, mlembi wa mgwirizano wa mabungwe m'dera la Brent, ndipo adalowa bungwe la APEX. Kumayambiriro kwa Sepitembala kampani idachotsa ntchito onse 137 omwe adali panja. Adaima pa geti nyengo yonse yozizira, amayi a sari atavala zikhothi zolemera pamwamba, ena akulimbana ndi amuna awo ndi apongozi kunyumba omwe ankati mkazi woima mumsewu ndi chikwangwani akuchititsa banja manyazi. Desai ankayenda khomo ndi khomo kukalankhula ndi amunawo. Ankayendanso m'mafakitale, m'migodi ndi m'madoko a dziko lonse kufotokoza nkhani yawo kwa azungu omwe ambiri sadamvepo mayi wa Chimwenye akulankhula pamsonkhano.

Apa mpomwe padachitika chinthu chomwe sichidachitike ku Bristol ndi ku Leicester: azungu adabwera. Kuyambira pa 13 Juni 1977 anthu ankasonkhana pa geti m'mamawa uliwonse kutchinga basi yolowetsa omwe ankagwirabe ntchito, apolisi n'kumawakankha ndi kuwamanga. Pa 11 Julaye adakwana pafupifupi 20 000. Ogwira ntchito m'migodi ya malasha ya ku Yorkshire adabwera m'mabasi ndi mtsogoleri wawo Arthur Scargill. A padoko la London, a malo omwe aja omwe adatulutsa oguba a Powell zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, adabweranso ndi mbendera yawo. M'sitalaka yonseyo anthu oposa 500 adamangidwa.

Koma kwa ine ngwazi zenizeni za mbali ya azungu ndi a positi ofesi ya Cricklewood. Iwowa ndiwo ankasankhula makalata a Grunwick, ndipo adangoti sitiwagwira. Fakitale yodalira positi ikamanidwa positi ili ngati chigayo chopanda dizilo. Sadali pachibale ndi amayi aja, sankapindulapo kanthu, ndipo adaimitsidwa ntchito chifukwa cha zimenezo. Pambuyo pake atsogoleri awo a m'deralo adalipitsidwa chindapusa ndi bungwe lawo lomwe. Ward adapulumutsidwa ndi gulu lodana ndi mphamvu za mabungwe la National Association for Freedom, lomwe lidatulutsa matumba a zithunzi usiku n'kukawaponya m'mabokosi a positi a m'madera ena akutali.

Boma la chipani cha Labour, lotsogozedwa ndi James Callaghan, lidasowa mtendere ndi zithunzi za ndewu zomwe zinkaoneka pa kanema tsiku ndi tsiku. Lidakhazikitsa kafukufuku wotsogozedwa ndi woweruza Lord Scarman, ndipo mu Ogasiti 1977 lipoti lake lidati ochotsedwa abwezeredwe pa ntchito ndipo bungwe livomerezedwe. Ward adakana, ndipo padalibe lamulo lomukakamiza. Ofesi ya boma yoyanjanitsa apantchito ndi mabwana, ACAS, idali itanena kale kuti bungwe livomerezedwe, koma Ward adaitengera ku khoti ndipo pamapeto pake adapambana. Onyanyala adapempha chinthu chimodzi kwa akuluakulu a mabungwe: fakitaleyi idulidwe positi, madzi ndi magetsi. Akuluakuluwo, poopa makhoti ndi poopa kugwetsa boma lomwe ankaliona ngati lawo, adayamba kubwerera chafutambuyo. Mu Novembala 1977 Desai ndi anzake atatu adakakhala pansi pakhomo pa likulu la TUC, mgwirizano wa mabungwe onse a apantchito ku Britain, n'kukana kudya. Taonani komwe adakakhala: osati pa geti la Ward, koma pakhomo pa abale awo. APEX idawayankha powaimitsa umembala kwa kanthawi ndi kuwadula ndalama ya sitalaka. Desai adafanizira thandizo la akuluakulu a mabungwe ndi uchi wopakidwa pa chigongono, woti umauona, fungo lake umalimva, koma lilime silifikapo. Sitalaka idatha pa 14 Julaye 1978, patatsala pang'ono kuti ikwane zaka ziwiri.

Tikawerenga monga tiwerengera zigoli za mpira, adagonja. Palibe adabwezeredwa pa ntchito, bungwe silidavomerezedwe, ndipo Margaret Thatcher atalowa m'boma mu 1979 adabweretsa malamulo ochepetsa mphamvu ya kusonkhana pa mageti. Omwe adapindula msanga ndi otsala mkati aja, poti malipiro awo adakwezedwa sitalaka ili mkati. Ena amaikometsera nkhaniyi ngati kuti kuyambira tsiku limenelo tsankho lidatha m'mabungwe. Ine sindiiona choncho. Chomwe chidatha ndi bodza lakuti obwera ndi ogonja, ogwetsa malipiro, osatheka kuwasonkhanitsa, bodza lomwe mabungwe ankabisalirako akafuna kusawalabadira. Zotsalazo zidabwera pang'onopang'ono, ndipo zidabwera chifukwa akuda ndi Amwenye sadatuluke m'mabungwemo atakhumudwa. Adakhala momwemo, kupanga magulu awoawo mkati, kupikisana pa zisankho ndi kusokosa. Mu 1992 Bill Morris, wobadwira ku Jamaica, adakhala mlembi wamkulu wa T&G, bungwe lomwe lija la ku Bristol ndi ku Leicester. UNISON, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1993 ndipo muli ogwira ntchito ambiri a zaumoyo, lili ndi gulu la mamembala akuda lodziyendetsa lokha. Ife a choko tinganyadireko kuti mabungwe awiri akuluakulu a aphunzitsi kumeneko adasankhapo atsogoleri akuda, Patrick Roach ku NASUWT mu 2020 ndi Daniel Kebede ku NEU mu 2023. Desai mwini adadzakhala mphunzitsi wa zosokasoka, ndipo bungwe la GMB, momwe APEX idalowa, lidamupatsa mendulo ya golide mu 2007, zaka zitatu asadamwalire.

Nkhanizi ndikazilingalira m'chipinda chathu cha aphunzitsi zimandibweretsera funso lapafupi. Pa sukulu zambiri za kumudzi pali mlonda, palinso aphunzitsi ongothandizira omwe amalipidwa ndi zopereka za makolo, mwezi wina kulandira, mwezi wina kuuzidwa kuti adikire. Sitalaka ikabwera, pa mndandanda wa madandaulo iwo sapezekapo, ndipo akalowa m'kalasi amatchedwa oukira anzawo. Khungu ndi limodzi, chilankhulo chimodzi, koma funso ndi lomwe lija la madalaivala a ku Bristol, lakuti tikamati "ife apantchito", malire a "ife" ameneyo ali pati.

Tsopano za lero. Mu Febuluwale 2022 boma la Britain lidatsegula khomo kwa osamalira okalamba ndi odwala ochokera kunja, ntchito yomwe eni ake amangoti ya care. Mu Malichi 2024 lidaletsa obwera kumene kutenga mabanja awo, ndipo mu Julaye 2025 lidatseka khomolo kwa ofuna kulembedwa ali kunja. Koma omwe adalowa kale akadali komweko, ndipo viza yawo idamangiriridwa kwa owalemba ntchito. Ntchito ikatha, munthu amapatsidwa masiku 60 kuti apeze kampani ina yomuimira, apo ayi azipita kwawo. George Ward sadali ndi chikwapu chotere m'manja mwake. Ngakhale m'zipatala za boma za NHS, malipoti awo omwe akhala akuonetsa kuti antchito akuda ndi a mitundu ina amatengeredwa ku milandu ya mwambo kawirikawiri kuposa azungu.

Mtsikana wina yemwe ndidamuphunzitsa mu Fomu 4 ali kumeneko kuyambira 2023, ndipo amayenda nyumba ndi nyumba kusambitsa ndi kudyetsa okalamba. Mauthenga ake a pa WhatsApp amafika pakati pa usiku. Mashifiti a usiku ndi a Lamulungu amagwera iye ndi anzake ochokera ku Zimbabwe, Nigeria ndi Kerala. Nthawi yoyenda kuchoka pa nyumba ina kupita pa ina sawerengeredwa. Pali gogo wina yemwe amamutchula maina oti sindingawalembe mu nyuzipepala. Atakanena kwa omuyang'anira adamuuza kuti ndi ukalamba, apirire, chonsecho mzungu mnzake atadandaula za kasitomala wina adamusintha sabata yomweyo. Tsiku lomwe adafunsa za maola ake, woyang'anirayo sadakalipe. Adangomukumbutsa mwaulemu kuti mapepala ake ali m'manja mwa ndani. Kunyumba kuno akumanga nyumba ya mayi ake, yafika pa lintala, ndipo azing'ono ake awiri fizi imachokera kwa iye.

"Aphunzitsi, ndikalowa bungwe sandithamangitsa?" adandifunsa choncho.

Ndidamuuza zomwe ndikudziwa. Lamulo la kumeneko limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cholowa bungwe, ndipo ya umembala atha kumalipira kuchokera ku banki kwake, bwana osadziwa n'komwe. Akaitanidwa pa mlandu wa mwambo, kapena akapereka dandaulo lolemba, ali ndi ufulu wopita ndi woimira bungwe ngakhale kampaniyo isalivomereze bungwelo. Lamulo la Equality Act la mu 2010 limaletsa kusiyanitsa antchito chifukwa cha khungu kapena dziko lochokera. Ndidamuchenjezanso kuti mabungwe ambiri salowerera nkhani yomwe idayamba munthu asadalowe, monga banki m'khonde siikongoza wosasonkha, choncho kulowa ndi lero, mavuto ena asadafike. Za uchi wa pa chigongono sindidamubisire. Ndidati akhoza kuimba foni osayankhidwa, akhoza kupeza woimira bungwe yemwe sadziwa kuti viza yomangiriridwa n'chiyani, wongomuuza kuti kasiye ntchitoyo ngati kuti kusiya ndi nkhani yapafupi. Zikatero asabweze khadi. Akafunse za gulu la mamembala akuda, ndi za kampeni yomwe UNISON yakhala ikuchita yoti viza ya osamalira okalamba isamamangiriridwe ku kampani imodzi.

Adalowa. Tsiku lililonse amalemba m'kabuku maola ake, nthawi ya pamsewu, ndi mawu aliwonse oipa pamodzi ndi deti lake, poti woimira bungwe adamuuza kuti dandaulo lopanda madeti silipita patali. Kwa gogo uja adamuchotsako kalata yoyamba itangolembedwa. Za mashifiti ndi za nthawi ya pamsewu sizidasinthe, ndipo woyang'anira uja masiku ano samupatsa moni. Ku msonkhano wa nthambi womwe adapitako, mwa anthu onse omwe adali m'chipindamo wogwira ntchito ya m'makomo pa viza adali iye yekha, ndipo nkhani yake adaiika kumapeto, anthu atayamba kale kuvala zikhothi. Msonkhano wotsatira uli mwezi wa mawa. Anzake a ku Zimbabwe akadali ndi mantha, koma akuti awiri a ku Kerala avomera kupita naye.